Galimoto yakale ya liwiro ikamawira ku Lilongwe: poyambira ndi zoyenera kusintha

Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo, galimoto yakale ya injini yaikulu imaulula zofooka zake pamalo awiri. Pena ndi pamdipiti wa magalimoto, monga polowa ku Old Town kapena pa Crossroads nthawi yoweruka, pomwe singano ya geji imakwera pang'onopang'ono galimoto ili chiimire. Pena ndi pachitunda chachitali, monga pochokera ku Salima kapena pokwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti. Ambiri akaona zimenezi amathamangira ku Biwi kukafunsa rediyeta yaikulu ya aluminiyamu. Nthawi zina imathandizadi, koma kawirikawiri ndalamazo zimalowa m'madzi, chifukwa kutentha kwa pamdipiti ndi kutentha kwa pachitunda ndi matenda awiri osiyana, ndipo rediyeta imachiza amodzi okha.

Tiyambe ndi kukula kwa ntchito yomwe madzi a mu injini amagwira. Mwa mphamvu yonse ya petulo amene injini yawotcha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limayendetsa galimoto. Lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo limalowa m'madzi ndi mu oyilo. BMW 325i ya E30, ya injini ya M20 ya masilinda 6, imatulutsa 125 kW. Mukaiponda mpaka pansi, rediyeta yake iyenera kutaya kutentha kosachepera kwenikweni 100 kW, ngati maketulo amagetsi 50 akuwira nthawi imodzi. Ford Cortina XR6 ya Essex V6 ya malita 3 siili patali ndi pamenepa. Mukawonjezera mphamvu ya injini, kaya ndi camshaft ina, kabureta yaikulu kapena turbo, kutenthako kumakwera limodzi ndi mphamvuyo, pomwe rediyeta idakali ija ya 1988.

Lilongwe ali ndi zakezake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye madzi osatsekera amawira cha pa madigiri 96, osati 100. Mpweya nawo ndi wopepukirapo ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10, kutanthauza kuti fani imodzimodziyo imachotsa kutentha kocheperapo kuno poyerekeza ndi ku Durban kapena ku Dar es Salaam. Onjezeranipo fumbi la mu Seputembala ndi njere za udzu zimene zimamata pakati pa timapepala ta rediyeta.

Imatentha nthawi yanji?

Musanagule kanthu, yankhani funso limeneli. Ikamatentha pamdipiti koma n'kuzizira mukangofika pa liwiro la makilomita 60 pa ola, madzi ali bwino, vuto ndi mphepo: fani, shroud (chikuto chozungulira fani kumbuyo kwa rediyeta), kapena mipata yozungulira rediyeta. Ikamakhala bwino m'tauni koma n'kutentha pa liwiro lalikulu kapena pachitunda, mphepo ilipo yokwanira, vuto lili kumadzi: machubu a rediyeta atsekeka, pampu yatha mano, paipi yapansi ikufwamphuka, kapena rediyetayo yachepadi. Ikatentha pasanathe mphindi 10 chilizireni, kayikirani thermostat (kachipangizo kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha) yokakamira kapena mpweya wotsekeredwa mkati. Ikamataya madzi popanda poonekera kudontha, mapaipi n'kumauma gwa m'mawa injini itangolira kumene, ganizirani za gasiketi ya hedi.

Geji ya galimoto ya zaka 35 isakhale mboni yokhayo. Sensa yokalamba kapena waya wa earth wadzimbiri amanamiza singano. Kachipangizo koyezera kutentha kwa infrared, kooneka ngati kamfuti, n'kotsika mtengo kuyerekeza ndi rediyeta. Injini ikatentha bwino, lozani pa nyumba ya thermostat: madigiri 85 mpaka 95 ndi abwinobwino, si matenda. Kenaka yezani polowera ndi potulukira madzi pa rediyeta. Fani ikuzungulira, payenera kukhala kusiyana kwa madigiri 5 mpaka 10 kapena kuposerapo pang'ono. Pakakhala kusiyana kwakukulu kwambiri, madzi akuyenda pang'onopang'ono. Pakakhala palibiretu kusiyana, rediyeta sikutaya kutentha. Yendetsaninso kachipangizoko pankhope yonse ya rediyeta. Malo ozizira pakati pa malo otentha ndi machubu otsekeka.

Za gasiketi musalote. Pali mankhwala a buluu oyezera utsi m'madzi, omwe amaikidwa m'kachubu pakamwa pa rediyeta. Akasanduka achikasu, utsi wa m'silinda ukulowa m'madzi, ndipo palibe rediyeta padziko pano imene ingachize zimenezo. Pa M20 nkhaniyi ndi yoopsa kwambiri, chifukwa hedi yake ndi ya aluminiyamu pamwamba pa buloko yachitsulo, ndipo imadziwika ndi kung'aluka ikawira kangapo. Essex ndi yachitsulo yonse, imapirira, koma mkati mwake mumadzaza dzimbiri ndipo ma core plug, tizivindikiro totseka mabowo a m'mbali mwa buloko, amaboola.

Palinso kutentha komwe sikuchokera kumadzi n'komwe. Timing, nthawi imene ma plug amayatsira petulo, ikachedwa, petulo amapsa mochedwa, moto n'kumatenthetsa makoma a silinda ndi mavavu a utsi. Pa magalimoto a distributor, kapaipi ka vacuum advance kakang'ambika kapena kakatsekedwa ndi bawuti, injini imatentha ili chiimire. Kabureta yoperewera petulo, mwachitsanzo Weber 38 DGAS ya pa Essex yomwe majeti ake adachepetsedwa pofuna kusunga mafuta, imatenthetsa injini pachitunda. Konzani izi poyamba.

Thermostat, chivindikiro ndi madzi

Chizolowezi chochotsa thermostat chidazika mizu m'magalaja ambiri, ati chifukwa kuno kulibe chisanu cha ku Ulaya. Ndi kulakwitsa, ndipo pa injini zina kumawonjezera kutentha m'malo mochepetsa. Thermostat ya M20, monga ya injini zambiri za ku Germany, imagwira ntchito ziwiri: ikamatsegula njira yopita ku rediyeta, kambale kake kakumbuyo kamatseka njira yachidule imene imabwezera madzi ku pampu. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala yotsegula mpaka kalekale, ndipo madzi ambiri amangozungulira mu injini osapita ku rediyeta. Ngakhale pa injini zopanda kambaleko, thermostat imapanikiza madzi pang'ono potuluka, zomwe zimakweza presha mkati mwa hedi ndi kuletsa madzi kuwira m'makona otentha ozungulira mavavu a utsi. Komanso injini yosafika pa kutentha kwake imadya petulo wambiri, imatha msanga m'masilinda, ndipo oyilo wake amadzaza chinyezi.

Ikani thermostat yatsopano ya madigiri 80 kapena 82, ya kampani yodziwika. Musanaimange, iviikeni m'poto wa madzi pamoto muli ndi choyezera, muone kuti ikuyamba kutsegula pa nambala yolembedwayo ndipo yatsegula yonse madzi asanawire. Ya madigiri 71 sichiza kuwira. Imangotsegula msanga, koma ikatsegula yonse, zotsalazo zili m'manja mwa rediyeta ndi fani basi.

Chivindikiro ndi chinthu chotchipa kuposa zonse, komanso chonyozedwa kuposa zonse. Ntchito yake ndi kusunga presha. Kuno, chivindikiro cha 1.0 bar chimakweza powirira madzi kuchoka pa 96 kufika cha pa 118, ndipo cha 1.4 bar, chonga cha ma E30 ambiri a zaka zakumapeto, chimafikitsa cha pa 124. Labala yake ikauma, galimoto imataya madzi pa madigiri 100 pomwe injini ilibe vuto lililonse. Gulani cha nambala imene wopanga galimoto adalemba. Kukweza presha kupitirira pamenepo n'kotheka pokhapokha rediyeta, mapaipi onse ndi karediyeta ka hita zili zatsopano, apo ayi chofookacho chiphulika, ndipo nthawi zambiri chimakhala cha hita, madzi otentha n'kukhuthukira kumapazi a dalaivala.

Madzi a pamjigo kapena a pachitsime ali ndi mchere umene umamata m'machubu ngati zoyera zija za m'ketulo. Gwiritsani ntchito madzi oyeretsedwa opanda mchere (distilled), omwe ambiri amati madzi a batire, koma muwerenge botolo: akhale madzi okhaokha, osati asidi. Coolant, mankhwala osakaniza ndi madzi a mu injini, ndi wofunika ngakhale kuno madzi saundana, chifukwa ndi amene amateteza aluminiyamu ndi chitsulo ku dzimbiri. Koma musachulutse. Madzi okha amanyamula kutentha kwambiri kuposa glycol wa mu coolant, moti kusakaniza theka ndi theka kumachepetsa mphamvu yonyamula kutentha ndi magawo oposa 10 pa 100. Ku Lilongwe gawo limodzi la coolant wosasungunula pa magawo awiri a madzi ndi lokwanira. M20 imalowa malita pafupifupi 10.5, ndiye ndi malita 3.5 a coolant ndi 7 a madzi. Onani ngati botolo lalembedwa kuti ndi wosakaniza kale, chifukwa ameneyo sawonjezeramo madzi. Musasakanize mitundu iwiri ya coolant, ndipo musinthe pa zaka ziwiri zilizonse. Sopo, dzira kapena fodya wopera zotsekera podontha zimakufikitsani kunyumba, inde, koma zimatsekanso machubu abwino. Soda wa caustic asayandikire n'komwe injini ya hedi ya aluminiyamu, amadya aluminiyamuyo.

Mphepo, komwe kuli phindu lalikulu

Pa magalimoto amene amawira m'tauni, apa ndi pomwe pali nkhani yonse. Mphepo ndi yaulesi, imadutsa pomwe pali pophweka. Fani yopanda shroud imakoka mphepo kuchokera m'mbali, m'malo moikoka kudzera mu rediyeta, ndipo imangoziziritsa kabwalo komwe kali patsogolo pake penipeni. Magalimoto ambiri akale adataya shroud tsiku lina pomwe makaniko adaona kuti ikumuchedwetsa kumanga lamba. Ibwezeretseni, kapena wosula malata akupangireni ya aluminiyamu. Ikute nkhope yonse ya rediyeta, mapiko a fani alowe theka mkati theka kunja, ndipo pakati pa nsonga za mapiko ndi shroud pakhale mpata wa mamilimita 15 mpaka 20, popeza injini imagwedezeka pa ma mounting ake. Ma mounting akatha, fani imamenya shroud kapena rediyeta imene.

Tsekaninso mipata yonse pakati pa rediyeta ndi thupi la galimoto ndi siponji yolimba kapena labala, m'mbali, pamwamba ndi pansi. Mapulasitiki a pansi pa bampala amene ambiri amawaona ngati zokongoletsa amathandiza kuti mphepo yotentha ituluke pansi pa injini. Ngati pali condenser ya AC kutsogolo, masulani rediyeta muone pakati pa ziwirizi. Mumapezeka udzu, nthenga ndi fumbi zoumbika ngati bulangeti. Tsukani ndi madzi opanda presha yambiri kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Makina a presha a kotsukira magalimoto amapinda timapepala.

Fani ya viscous, yonga ya pa BMW ndi Mercedes-Benz, ili ndi mafuta a silicone mkati amene amaigwiritsa ikamva kutentha. Ikatha, imazungulira ndithu koma mopanda mphamvu. Injini itatentha, mukaponda mafuta muyenera kumva mkokomo wa mphepo. Mukathimitsa injini yotentha fani n'kupitiriza kuzungulira kangapo, kapena mukaona mafuta akuda pakati pake, yatha. Ena amaiwotcherera kapena kuimanga ndi mabawuti kuti izizungulira ndi injini nthawi zonse. Pa injini yofika 6,000 rpm zimenezi zimathyola mapiko a pulasitiki, ndipo phiko likathyoka limaboola rediyeta kapena boneti. Viscous yatsopano yokhala ndi shroud yake imakoka mphepo yochuluka kuposa mafani ambiri amagetsi otchipa.

Fani yamagetsi ili ndi ubwino umodzi waukulu: imathamanga mokwanira ngakhale injini ili pa idling, pomwe fani ya lamba imakhala yofooka. Yabwino ndi yokoka, yoikidwa kumbuyo kwa rediyeta, ya mainchesi 16 ngati malo alola. Yokankha, yoikidwa kutsogolo, imatchinga mphepo pa liwiro, choncho ikhale yothandizira chabe. Fani za magalimoto ophwasulidwa, zobwera ndi shroud yake, nthawi zambiri zimaposa zatsopano zopanda dzina. Musaimange ndi tizingwe tapulasitiki tobaya pakati pa rediyeta. M'misewu ya mabampu timacheka machubu. Pangani mabulaketi ogwira pa felemu.

Kulumikiza kwake ndi komwe kumawotcha magalimoto. Fani yamphamvu imakoka ma amp 15 mpaka 25 ikamazungulira, ndipo poyamba imakoka kawiri kapena kuposa. Pafunika rileyi ya 40 A, fyuzi ya 30 kapena 40 A pafupi ndi batire, ndi waya wa 4 mm² kapena 6 mm² ngati mtunda ndi wautali. Pa rileyi, 30 imachokera ku batire kudzera pa fyuzi, 87 imapita ku fani, 86 imatenga moto wa kiyi, ndipo 85 imapita ku earth kudzera pa swichi ya kutentha. Swichiyo iyatse fani pamwamba pa pomwe thermostat imatsegulira: ndi thermostat ya 80 kapena 82, yoyatsa cha pa 92 n'kuthimitsa cha pa 87 ndi yabwino ngati ili kumadzi otuluka mu injini. Ikakhala kumunsi kwa rediyeta, komwe madzi azizirako, isankhidwe yotsikirapo. Swichi ya padashibodi yokha siyokwanira, tsiku lina mudzaiwala. Onaninso alternator. Magalimoto a m'ma 1970 ambiri ali ndi ya 45 kapena 55 A, yomwe singakwanitse fani, nyali ndi mawaipa usiku wa mvula.

Tsopano rediyeta

Ngati zonsezi zili bwino koma galimoto ikutenthabe pachitunda, kapena mwawonjezera mphamvu ya injini, nthawi ya rediyeta yakwana. Kopa imadutsitsa kutentha bwino kuposa aluminiyamu, komabe rediyeta ya aluminiyamu yopangidwa bwino imapambana chifukwa cha machubu. A kopa ndi brass amakhala a mamilimita 13 m'lifupi, pomwe a aluminiyamu amafika 25, zomwe zimapereka malo ochuluka okhudzana ndi timapepala. Mizere iwiri ya machubu a 25 imagwira ntchito yofanana ndi mizere itatu kapena inayi ya machubu aang'ono. Musakopeke ndi kunenepa. Mzere uliwonse wakumbuyo umalandira mphepo yotenthedwa kale ndi wakutsogolo, ndipo rediyeta yonenepa kwambiri imalemetsa fani, moti pamdipiti imatha kuipitsa zinthu. Kukula kwa nkhope ndi komwe kumapindula kwambiri: ngati pali malo owonjezera masentimita 5 m'lifupi, atengeni. Timapepala tothinana kwambiri ndi tabwino pabwalo la mpikisano, koma m'fumbi lathu timatsekeka. Timapepala 12 mpaka 14 pa inchi ndi tokwanira.

Pali chifukwa chimodzi chomveka chokhalira ndi kopa: ikaboola, aliyense wodziwa kuwotcherera ndi mtovu amaikonza, ngakhale ku Mponela kapena ku Ntcheu. Rediyeta yakale ya matanki a brass itha kuikidwa core yatsopano, kutanthauza machubu ndi timapepala take, ya mizere itatu, n'kukhalabe ndi maonekedwe a galimotoyo. Ya aluminiyamu imafuna wowotcherera wa makina apadera otchedwa TIG. Za matanki a pulasitiki, zikapitirira zaka 10 khosi lake limafumbutuka mosachenjeza. Ya aluminiyamu ikhale pa malabala, isakhudze chitsulo cha galimoto, apo ayi imang'aluka ndi kugwedezeka. Yezaninso magetsi osochera: waya mmodzi wa multimeter pa negative ya batire, wina m'madzi osakhudza chitsulo, injini ikulira ndipo nyali ndi fani zili zoyaka. Akapitirira 0.3 V, konzani ma earth, chifukwa magetsiwo amaboola aluminiyamu kuchokera mkati. Ndipo musamange rediyeta yatsopano pa buloko yodzaza dzimbiri. Masulani bawuti yokhetsera madzi ya pabuloko, chotsani thermostat kwa nthawi yotsukayo yokha, tsukani mpaka madzi atuluke oyera.

Pampu isinthidwe nthawi yomweyo ngati zaka zake sizikudziwika. Mano ake amadyeka ndi dzimbiri osaonetsa kudontha kulikonse. Pa M20 ili pamalo amodzi ndi timing belt, ndiye sinthani zonse pamodzi ndi tensioner, popeza lambayo akaduka mavavu amamenyana ndi mapisitoni. Paipi yapansi ndi imene pampu imayamwirako. Ikafewa imafwamphuka pa rpm yokwera n'kutseka madzi, kenaka n'kubwerera mwakale mukatsegula boneti, moti simungaigwire. Wina aponde mafuta kufika 4,000 rpm injini itatentha, inu mukuiyang'ana.

Oyilo naye amanyamula kutentha kochuluka, makamaka kwa mapisitoni ndi ma bearing. Madigiri 90 mpaka 110 ndi abwino. Akamapitirira 125 pachitunda, ikani oil cooler ya mizere 13 mpaka 19, yolumikizidwa ndi mbale ya pansi pa fyuluta yokhala ndi thermostat yake, kuti oyilo asamazizire mopitirira m'mawa wa mu Juni. Ma 325i ambiri adabwera nayo kale. Isatchinge pakati pa rediyeta, ndipo kumbukirani kuti imawonjezera pafupifupi theka la lita pa oyilo wofunika. Za giya ya otomatiki zimapindula ndi cooler yapadera ya oyilo wa giya, yomwe imachotsera rediyeta katundu wina.

Pothira madzi, ntchito yabwino imawonongeka ndi mpweya wotsalira. Imikani galimoto mphuno ili m'mwamba, ikani hita pa kutentha kwambiri, thirani pang'onopang'ono. Pa M20 masulani kabawuti ka pamwamba pa nyumba ya thermostat mpaka madzi atuluke opanda thovu, ndipo pomanga musakakamize, kamathyoka. Lizani injini mpaka thermostat itsegule ndipo fani iyake n'kuthima kawiri. Hita ikamatulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, mpweya udakalimo.

Kuyesa kukhale kwa mitundu iwiri ija. Choyamba, mphindi 20 galimoto ili chiimire padzuwa la masana, AC ili yoyaka ngati ilipo: singano iyenera kukhazikika, fani n'kumayaka ndi kuthima yokha. Fani ikangoyaka osathimanso, mphepo idakali yoperewera. Chachiwiri, chitunda chachitali, monga msewu wa M1 wopita ku Dedza. Singano ikayamba kukwera, tsitsani giya kuti pampu ithamange, yatsani hita ndi fani yake mpaka pamapeto, ndipo mukaima musathimitse injini nthawi yomweyo pokhapokha ngati madzi akutayika. Chivindikiro chisatsegulidwe mpaka paipi yapamwamba itafewa m'manja, ndipo madzi ozizira asathiridwe mu injini yowira, ndiye amang'alula hedi. M'mawa wa masiku atatu otsatira, injini isanalire, onani mlingo wa madzi ndi kukunganso ma clamp onse, chifukwa mapaipi atsopano amaphwa pang'ono akatenthedwa koyamba.